Anaweruza za Mwana Wanga Ine Ndili Panja

Khoti ndinalilowa koyamba chaka chimene banja langa linatha. Nthawi imeneyo ndinkasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Benga, ntchito imene ndikugwirabe mpaka lero, ndipo ndinali nditakhala pabanja zaka zingapo wopanda mwana. Ankhoswe anatikhazika pansi kangapo mpaka anatopa nafe. Tsiku lina mesenjala wa khoti anaimika njinga yake pafupi ndi makina anga n'kundipatsa masamoni, makasitomala akuona. Mwamuna wanga anali atakasuma kuti ukwati uthe.

Sinditchula kuti linali khoti liti. Inali nyumba ya njerwa zootcha, ya mabenchi aatali ngati a m'tchalitchi, ndipo chitseko chake chinkakhala chotsegula chifukwa cha kutentha. Tsiku limenelo kunali milandu yambiri: wina anaba mbuzi, ena ankakanganirana malire a munda wa mpunga, wina anamenya mnzake ku mowa. Onsewo ndi abale awo anali momwemo pamene kalaliki anaitana mayina athu. Analiponso anthu ongobwera kudzamvetsera, amene amapita kukhoti ngati mmene ena amapitira ku mpira. Anyamata a kabaza anatsamiritsa njinga zawo pamtengo n'kudzaimirira m'mawindo.

Mwamuna wanga atapatsidwa mpata sanasiye kanthu. Ananena za asing'anga amene tinapitako, za mankhwala amene ndinamwa, za zimene anamwino anandiuza kuchipatala, mpaka za kuchipinda zimene ngakhale mayi anga ondibereka sindinawauzepo. Pena pake ananena mawu ena oseketsa, khoti lonse n'kufa nacho chiseko. Woweruza, bambo wachikulire wa imvi, anamenya tebulo n'kuchenjeza kuti woseka amutulutsa. Anthu anakhala chete, koma mapewa awo ndinkawaona akugwedezeka.

Itafika nthawi yanga ndinali nazo zonena. Ndinkafuna kunena kuti iyeyo sanalolepo ngakhale kamodzi kukayezetsa. Koma nditatembenuka ndinaona mayi wina amene ndinali nditangomusokera diresi, atakhala kutsogolo, dzanja lili pachibwano, akundiyang'ana pakamwa. Ndinangoti, "Ngati atopa nane, andisiye."

Kunena zoona, gulu lija linandithandizanso. Pogawa katundu, mwamuna wanga anati makina osokera anagula ndi iye. M'khoti munamveka kung'ung'udza, ndipo woweruza anafunsa ngati panali wina wodziwa za makinawo. Bambo wina amene anabwerera mlandu wa mbuzi uja anaimirira, analumbira, n'kunena kuti ndi iyeyo ananyamula makinawo pa ngolo yake, ndipo kuti ndinawagula nditagulitsa mpunga wa m'munda wa mayi anga. Makina anatsala ndi ine. Koma tsikulo sindinathokoze aliyense. Nkhani yanga inafika pa Benga ine ndisanatsike minibasi, ndipo kwa miyezi yambiri amayi ena ankabwera pakhonde ndi kansalu koti ndiike chigamba, pamene chimene ankafuna chinali kundiona nkhope. Ndinkanena poyera kuti ndikanakhala ndi mphamvu, milandu ya mabanja ikanamaweruzidwa chitseko chili chotseka.

Mwana ndinadzamupeza m'njira imene sindikanaisankha. Mng'ono wanga anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Dwambazi, kumpoto kwa boma lathu. Mnyamatayo anapita ku Joni kukafuna ntchito mkazi wake ali ndi pakati, ndipo mng'ono wanga anabwerera kwathu ku Chia. Anabereka mwana wamkazi, koma thupi lake silinabwererenso m'malo mwake. Anamwalira mwanayo atangoyamba kuyenda mogwira zinthu. Titachoka kumanda, achimwene athu aakulu, amene ndiwo eni mbumba, anamunyamula mwanayo n'kumuika pamiyendo panga. Anati, "Chemwali, uyu ndi wako. Kwanga ana achuluka kale."

Anakulira pa Benga, pansi pa tebulo la makina. Ankagona pa zidutswa za nsalu ine ndikupalasa, ndipo phokoso la makina likangosiya ankadzuka. Amayi amene ankawadziwa ndinali ine. Anali ndi mphumu, imene inkamugwira kwambiri miyezi yozizira mwera ukamaomba, ndipo ndinaphunzira kuimva ikubwera. Ankayamba ndi kukanda pakhosi, kenako kukana chakudya. Utsi sunkamuyanja, choncho ku Chia sindinkamusiya nthawi yaitali, poti kwa achimwene amawamba nsomba kuseri kwa nyumba. Atayamba sukulu, yunifolomu yake ndinaisoka ndi matumba awiri chifukwa ankakonda kutola timiyala m'njira. Bambo ake ankatumiza zovala zaka zoyambirira, kenako anangoti zii.

Bambowo anatulukira mwana ali mu sitandade folo. Sanabwere mwachipongwe. Anafikira ku Chia kwa achimwene, ali ndi amalume ake ndi mkazi wake watsopano, anapepesa chifukwa chosafika pamaliro, kenako anapempha mwana wake. Achimwene anayankha monga mwa mwambo wathu, kuti mwana ndi wa kuchikazi. Anakambirana osamvana, alendo n'kubwerera. Patapita nthawi masamoni anafika, ndipo dzina limene linali pamenepo linali la achimwene.

Ine sindinaonepo vuto. M'banja mwathu zinthu zonse zimadzera mwa iwo. Ndinangoyamba kukonzeka. Ndinali nditaphunzira kale kuti kukhoti mawu amathawa, choncho ulendo uno ndinawaloweza. Ndikamapalasa makina ndinkayankhula ndekha ngati ndili pamaso pa woweruza: mmene mwanayo anafikira m'manja mwanga, za mphumu, za sukulu yake, za mmene amaopera agalu. Sindinkafuna kunyoza bambo ake. Ndinkafuna kupempha kuti amusiye amalize pulayimale ali kwa ine, iwo azibwera kudzamuona, azolowerane kaye. Za anthu a m'mawindo aja ndinalimbanso mtima. Ndinati aseke, anene kuti chumba chikulimbirana mwana wa eni ake, ine ndiyankhula basi.

Tinafika m'mawa, ine, achimwene ndi mwana. Khoti linali lomwe lija. Ndinalunjika kuchitseko chachikulu, koma mesenjala anatilozera kuseri, kumene kunali kachipinda ka chitseko chobiriwira ndi benchi limodzi pakhonde. Bambo a mwana anali atafika kale ndi mkazi wawo. Mayina ataitanidwa achimwene analowa, bambo aja analowa, ndipo mayi wina wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana anamugwira mwana dzanja n'kulowa naye. Ine nditafika pakhomo mesenjala anatambasula mkono.

"Mayi, inu ndi ndani pa mlanduwu?"

"Ndine mayi ake a mwanayo."

"Omubereka?"

"Omulera. Omubereka anamwalira."

Anayang'ana pa fayilo imene inali m'manja mwake. "Dzina lanu palibe apa. Milandu ya ana sitilowetsa anthu wamba, olowa ndi eni mlandu okha. Lamulo limateteza mwanayo, mayi, si nkhanza zanga ayi."

Achimwene anasuzumira ali m'kati. "Dikira pompo, chemwali. Ndinena zonse."

Mwana anandiyang'ana, ine ndinamumwetulira kuti asaope, ndipo chitseko chinatsekedwa.

Ndinakhala kunsonga kwa benchi. Kunsonga inayo kunali mkazi wa bambo aja, amenenso anabwezedwa pakhomo pomwepo. Anali wamng'ono kwa ine, wamtali, ali ndi pakati poonekera. Sitinapatsane moni.

Zimene ananena mesenjala ndinkazimvetsa. Sindikanafuna kuti mwana wanga aimirire pamaso pa anyamata a kabaza, imfa ya mayi ake isanduke nkhani yochezera pamsika. Zimenezi ndi zomwe ine ndemwe ndinkazilakalaka kale. Koma mawu oti anthu wamba anandipweteka. Kuchipinda chachikulu, kutsogolo kwa nyumbayo, ukwati wa anthu ena unkatha, ndipo nthawi ndi nthawi ndinkamva phwete la anthu ndi kugunda kwa tebulo. Za anthu osawadziwawo ndikanatha kukamva zonse nditafuna. Za mwana amene ndinamuchapira matewera sindinkamva ngakhale liwu limodzi. Chitseko chinali cha matabwa ochindikala, ndipo chimene chinkamveka kuchokera m'katimo chinali fani yokha ikuzungulira.

Atatuluka ndinawathamangira achimwene. "Zayenda bwanji?"

"Bwino. Mlandu auimika kaye. Akuti akaone kumene mwana amakhala."

"Nanga za mphumu mwanena?"

"Sanafike pamenepo."

Achimwene ndi munthu amene pamadzi mawu awo amamveka tsidya lina, koma akalowa mu ofesi amachepa, chipewa amachipinda m'manja mpaka kuchiononga. Ndinkadziwa zimenezi, koma ndinalibe wina womudalira. Mwana nditamufunsa m'minibasi anati anamufunsa dzina ndi kalasi, ndipo mayi wa ku ofesi uja anamupatsa switi. Sindinamukakamize kunena zambiri.

Nditafika kunyumba ndinayamba kukonzekera alendo. Ndinapaka laimu m'makoma, ndinachapa neti ya udzudzu, ndinasesa mpaka kuseri kwa bafa. Ndikamva njinga yamoto ikuchepetsa liwiro pamsewu ndinkasiya kusoka n'kuimirira. Loweruka lina achimwene anabwera kudzamutenga mwana kuti akacheze ndi abale ake ku Chia. Pobwera mwanayo anandiuza kuti amayi a switi aja anafika kumeneko panjinga yamoto. Ndinati ayamba ndi kwa eni mbumba, tsopano afika kuno. Ndinadikira mpaka laimu uja anayamba kuda ndi fumbi. Sanabwere.

Tinapitanso kukhoti kangapo. Pena mlandu unkalephereka woweruza atachokapo, pena ankalowa kanthawi kochepa n'kutuluka. Nthawi zonse malo anga anali pabenchi lija, ndi mtsikana uja kunsonga kwake. Tsiku lina anasenda nthochi n'kundilozera ina. Ndinapukusa mutu.

Tsiku la chigamulo anakhalitsa m'katimo. Dzuwa linafika pakhonde, ndipo tonse awiri tinkasendera kumene kunatsala mthunzi mpaka tinapezeka tagundana mapewa. Anayamba ndi iye, m'Chichewa chake cha kumpoto.

"Amama, ine sindikudziwa kuti agamula bwanji. Koma akati tipite naye, ine mwanayu sindimudziwa. Amadya chiyani?"

Ndinafuna kumuyankha mwano, ndipo mawu anali atafika kale pamilomo. Koma nditamuyang'ana ndinazindikira kuti nayenso palibe amene anamufunsa maganizo pa nkhaniyi. Ndiye ndinayamba. Ndinamuuza kuti mitu ya usipa sadya, kuti tiyi amafuna wozizirako, kuti akakwiya samalira koma amangokhala chete, ndipo ukamusiya amabwera yekha. Ndinamuuza za mphumu.

"Akayamba kukanda pakhosi musadikire kuti ayambe kubanika. Mumukhazike tsonga, asagone chagada. Mankhwala opopera aja azikhala pafupi, ndipo akapanda kugwira, kuchipatala nthawi yomweyo. Moto wa nkhuni zaziwisi asakhalepo pafupi."

"Akayamba kukanda pakhosi," anabwereza iye, ngati mwana wa sukulu. "Nanga usiku amagona yekha?"

"Amagona ndi ine. Koma akhoza kuzolowera, bola chitseko musamatseke chonse."

"Yewo, amama," anathokoza m'chiyankhulo cha kwawo.

Mawu onse amene ndinaloweza pamakina ndinawanena, motsatana mmene ndinawakonzera, kwa mtsikana ameneyo. Ndinangosiya gawo lopempha kuti mwana amalize pulayimale ali kwa ine, poti iye analibe mphamvu yondipatsa zimenezo.

Chitseko chitatsegulidwa anayamba kutuluka ndi achimwene, maso ali pansi.

"Akuti apite kwa bambo ake teremu ikatha. Pa holide azibwera."

"Chifukwa chiyani?"

"Ayankhula zambiri, chemwali. Zina m'Chingerezi."

"Munawauza kuti ndilipo ine? Kuti ndili pano pakhonde?"

"Tiyeni tizipita, anthu akutiona."

Sindinapite. Ndinazungulira kutsogolo n'kulowa mu ofesi ya kalaliki. Ndinapezamo mtsikana waulemu amene anandipatsa mpando, namvetsera mpaka ndinamaliza. Ndinamupempha kuti angondiuza zifukwa zimene woweruza ananena.

"Amayi, ndikumva chisoni, koma za mlandu wa mwana sindingauze munthu amene sali pa mlanduwo. Mukanapempha poyamba paja kuti akuphatikizeni, kapena achimwene anuwo akanakuitanani ngati mboni."

"Palibe anandiuza kuti zimatheka."

"Zimatheka. Panopa chatsala ndi apilo, koma wochita apilo ndi mwini mlandu."

M'minibasi ndinawapempha achimwene za apiloyo. Anati za kukhoti atopa nazo, ndipo munthu sulimbana ndi boma. Mwana anali atagona pamiyendo panga, choncho sindinakweze mawu.

Masabata otsalawo ndinamusokera madiresi atatu, onse opinda kwambiri kumunsi kuti azidzamasula akamakula. Ndinamuuza kuti akupita kukakhala ndi bambo ake, kuti kumeneko kuli mtsinje waukulu, ndi kuti posachedwa adzakhala ndi mng'ono wake womubereka kumsana. Anafunsa ngati inenso ndikupita. Nditati ayi anakhala chete tsiku lonse. Tsiku lonyamuka bambo ake anabwera ndi mkazi wawo, anagwada pondipatsa moni, anathokoza chifukwa cholera. Ndinawaperekeza pamsewu. Mwana anakhala pawindo, ndipo minibasi itayamba kuyenda sanabayibitse, anangondiyang'ana mpaka anakhota.

Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri, koma chaka chimenecho inakula. Ndinkaphika chakudya cha anthu awiri osadziwa, chotsala n'kupatsa nkhuku za aneba. Masana ana a sukulu akamaweruka ndinkapezeka ndasiya kupalasa, ndikuyang'ana gulu la mayunifolomu ngati muli wanga. Timiyala take ndinkatipeza paliponse, m'kabati ya makina, pansi pa mphasa, m'chitini cha mabatani.

Anthu a pa Benga ankandifunsa kuti zinatha bwanji, ine n'kumati sindikudziwa. Palibe amene ankakhulupirira kuti munthu angapite kukhoti maulendo onse aja osadziwa chimene chanenedwa. Ndiye anadzipangira okha nkhani. Ena ankati akhoti anapeza kuti ndinkamugwiritsa ntchito mwanayo pamakina. Ena ankati mwana yekha anandikana pamaso pa woweruza. Nkhani yachiwiriyi inandilowa. Pa mlandu wa banja uja anthu ankandinena, koma zimene ankanenazo ndinazimva ndekha, ndinkadziwa poyambira ndi pothera pake. Apa ndinalibe choyankha, ngakhale chodziyankha ndekha. Mwina anandikanadi. Atabwera pa holide yoyamba ndinalephera kumufunsa, poopa kuti mwina ndi zoona.

Zoona zake ndinadzazimva patapita zaka ziwiri, ndipo sizinabwere ngati chinsinsi. Inali nthawi yokolola mpunga, ndinapita ku Chia kukathandiza. Tinakhala pamthunzi ndi achimwene tikupuma, akazi awo atapita kukatunga madzi, ndipo iwo anayamba okha kudandaula za denga la nyumba yawo. Anati denga limeneli ndi limene linatiluzitsa mlandu.

"Denga lanu likukhudzana bwanji ndi mlandu?"

"Mayi wa ku ofesi uja analemba kuti nyumba ndi yothonya, ana ndi ambiri chipinda chimodzi, utsi ponseponse. Pamene kwa bambo ake anapeza ya malata atsopano."

"Koma mwana sankakhala kwanu."

Anathyola kaudzu n'kuyamba kutafuna.

"Achimwene, woweruza atafunsa kuti mwana amakhala ndi ndani, munati chiyani?"

"Ndinati ali m'manja mwanga."

"Ine simunanditchule?"

"Ndinati chemwali wanga amathandizako." Anatembenuka kundiyang'ana, ndipo sanaoneke ngati munthu wogwidwa. "Nanga ukanafuna ndinene chiyani? Pamaso pa mkamwini, ndinene kuti mbumba yanga ndinalephera kuisunga, ndinapatsa mkazi wopanda mwamuna? Akanatiseka. Ndinaona ngati ndikanena kuti ali kwa amalume ake ndiye kuti mlandu walimba."

"Nanga mwanayo sananene?"

"Anamufunsa ngati amakhala bwino ndi amayi ake. Anati eya. Iwo ankayesa akunena alamu ako."

Sindinakalipe. Ndinaimirira n'kubwerera m'munda, ndinamweta mpunga mpaka msana unauma. Chimene chinkandizungulira m'mutu chinali chakuti woweruza uja sanalakwe. Anaweruza bwino nkhani imene anamuuza. Kungoti sinali nkhani ya mwana wanga. Pakanakhala munthu mmodzi yekha wa pa Benga m'chipinda chija, ngakhale wongobwera kudzatayako nthawi, akanang'ung'udza, ndipo wina akanafunsa. Komabe mpaka lero sindinganene kuti chitseko chija akanachitsegulira aliyense. Ndimangoti pakhomo paja pakanakhala funso lina loposa lakuti dzina lili pa fayilo kapena ayi. Akanafunsa kuti mwanayu akadwala amamutengera kuchipatala ndani.

Ndi achimwene timayankhulana, pamaliro timakhala limodzi, koma ku Chia ndinasiya kugonako.

Maholide oyamba mwana ankabwera. Kenako kunabadwa ang'ono ake, kunabwera sukulu ya pa holide ya sitandade eyiti, ndipo maulendo anayamba kutalikirana. Chaka chatha, ali fomu thu, ndinaganiza zopita ndekha ku Dwambazi. Ndinali ndisanafikeko chiyambire. Ndinadutsa minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, ndinatsika pamene anandiuza pafoni, ndipo amene anabwera kudzandichingamira anali mkazi wa bambo ake uja, tsopano mayi wa ana atatu, wonenepa, woseka. Anandilandira chikwama n'kundigwira dzanja njira yonse ngati mbale wake.

Mwana ndinamupeza akuchapa. Watalika kundiposa. Anandikumbatira, kenako anagwada n'kundipatsa moni waulemu ngati mlendo. Chichewa chake chasintha, ndipo ndi ang'ono ake amayankhula Chitonga chimene ine sindimva. Amakhoza bwino m'kalasi. Khitchini ya pakhomopo anaimanga patali ndi nyumba, ndipo mayi uja anandiuza kuti anaumiriza yekha amuna ake kuti itero chifukwa cha utsi. Ndinayang'ana paliponse kufuna chinthu choti ndidandaule nacho, sindinachipeze. Mwana ali bwino. Ndinasangalala, komanso ndinamva ngati ndalandidwa kachiwiri, poti ngakhale chifukwa chokwiyira ndinalibe.

Titadya, bambo ake anakhala nane pakhonde. Anayankhula za mitengo ya feteleza, za msewu, kenako anati, "Alamu, pali chimene ndakhala ndikufuna kukufunsani. Nthawi ya mlandu ija, bwanji simunkalowa? Ine ndinkayesa kuti mwina mwanayu anakutopetsani, mukufuna apite."

Ndinawauza kuti anandibweza pakhomo.

"Ine ndinkakuonani pabenchi paja," anatero. "Ndikanadziwa ndikanawauza kuti akulowetseni. Mwina tikanagwirizana zina."

Mwina akanaterodi, mwina ayi. Sindinafune kuzikumba.

M'mawa mwake mwana anandiperekeza kokwerera minibasi. M'njira anandiuza kuti akufuna kudzakhala namwino, ndi kuti siketi yake ya sukulu yamuthina m'chiuno koma telala wa kumeneko amaononga nsalu. Tepi ndimayenda nayo m'chikwama nthawi zonse. Ndinamuyeza pomwepo pambali pa msewu, iye atakweza manja, akuseka kuti anzake amuona. Siketiyo ndinaisoka sabata yomweyo n'kuitumiza ndi kondakitala wina wodziwika. Anandiimbira foni kuti yafika, ndi kuti yamukwana.